Mukaitanidwa ku lesitilanti ya Chitaliyana ku Joni

Ndine weita, ndipo zaka zanga zambiri kuno ku Joni zathera m'malesitilanti a Chitaliyana, aja a nsalu zoyera patebulo amene mumawaona ku Sandton, Rosebank, Melrose Arch ndi ku Parkhurst. Mmalawi mnzanga akalowa ngati kasitomala ndimamudziwa asanatsegule pakamwa. Si zovala ayi, pa kutchena timawaposa eni dziko. Ndimamudziwira pa menyu. Amaiwerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi nkhope ili gwa, kenako n'kuloza chakudya chimodzi chokha chimene dzina lake analimvapo, kapena chodula kuposa zonse kuti asaoneke wochepekedwa. Mbale ikafika n'kupeza kuti nyama yake ndi yaiwisi, amangomeza mokakamiza, potuluka n'kusiya ndalama ya lendi ya theka la mwezi. Gwero la zonsezi ndi manyazi ofunsa. Munthu waima pambali panu ndi kabuku m'manjayo analembedwa ntchito kuti azifunsidwa, ndipo zambiri zimene ndilembe pano ndi mafunso oti mumufunse ndi nthawi yake yofunsira.

Yambani ndi kusungitsa tebulo. Lachisanu ndi Loweruka madzulo malo otchuka amadzaza, ndipo mukangotulukira mudzaima pakhomo, amayi akunyumba ali pambali nsapato zikuwaluma. Imbani foni kukadali masiku angapo, kapena sungitsani pa intaneti. Malesitilanti ambiri a ku South Africa amagwiritsa ntchito tsamba losungitsira matebulo lotchedwa Dineplan. Nenani zoona kuti mudzakhala angati, chifukwa tebulo la anthu anayi silikula n'kukwana asanu ndi awiri pa ola lotanganidwa. Ngati pali wina amene thupi lake limadana ndi mtedza, nkhanu kapena tirigu, nenani pomwepo. Malo ena amafuna dipoziti, makamaka mukakhala gulu. Chizolowezi chathu chija cha "tikubwera, tili pafupi" munthu ali m'bafa chisiyeni kunyumba. Ambiri amakusungirani tebulo kwa mphindi 15 zokha, zikadutsa amapatsa ena, ndiye mukaona kuti pa M1 magalimoto atsekana, imbani. Akakufunsani ngati mukufuna panja kapena mkati, kumbukirani kuti kuyambira Okutobala mpaka Malichi mvula ya mabingu ya kuno imagwa mwadzidzidzi chakumadzulo, ndipo mu Juni ndi Julayi panja pamazizira zedi. Malo ambiri menyu yawo ili pa intaneti pamodzi ndi mitengo. Iwerengeni muli kunyumba, mukafike mukudziwa kale pamene thumba lanu likulekezera.

Suti si yofunika. Shati ya kolala, thalauza labwino ndi nsapato zotseka n'zokwanira, ndipo diresi ya chitenje yosokedwa ndi telala wodziwa imakopa maso kuposa za m'mashopu a mu Sandton City. Jezi ya mpira ndi masilipasi ndiye ayi.

Mukafika imani pakhomo, tchulani dzina limene munasungitsira, akuperekezeni. Musadzisankhire pokhala, tebulo lopanda anthulo lili ndi eni ake amene ali m'njira. Funso loyamba limene ndidzakufunseni ndi la madzi, a gasi kapena opanda gasi. Onsewo ndi a m'botolo, ndipo ndi ogulitsa. M'malo apamwamba botolo lake limatha kukhala S.Pellegrino kapena Acqua Panna, lochokera ku Italy komweko, pa mtengo woti mukanadyera nkhomaliro. Ngati simukuwafuna, pemphani madzi a pampopi okhala ndi ayisi. Ndi aulere, ndipo amene amawapempha kwambiri ndi anthu olemera amene amadya pamalopo sabata iliyonse. Buledi amene amabwera ndi mafuta a olivi ndi viniga wakuda wa balsamic nthawi zambiri kuno salipiritsa, pomwe ku Italy mudzapeza pa bilu kandalama kotchedwa coperto, ka munthu aliyense wokhala patebulo. Nyemani ndi manja, sunsani m'mafuta, koma musakhute naye.

Chakumwa choyamba musachithamangire. Aperol spritz, cha mtundu wa lalanje m'galasi lalikulu chija, ndi Aperol wosakaniza ndi prosecco ndi soda, chopepuka, chowawirako pang'ono. Negroni imaoneka yofatsa m'kagalasi kake, koma ndi gin, Campari ndi vermouth popanda chosungunulira. Pamimba yopanda kanthu imodzi yakwana. Osamwa mowa pemphani Appletiser, kapena Malawi shandy, imene pafupifupi wa pa bala aliyense kuno amaidziwa: ginger ale, lemonade ndi timadontho ta bitters. Timadonthoto tili ndi mowa, choncho ngati chipembedzo chanu sichilola ngakhale dontho, auzeni asathire.

Tsopano menyu. Ya Chitaliyana imatsata ndondomeko imene chakudya chimafikira patebulo. Pamwamba pali antipasti, tizakudya totsegulira. Kenako primi, kumene kuli pasta, risotto ndi supu. Kenako secondi, nyama kapena nsomba. Pambali pali contorni, ndiye kuti masamba, mbatatesi ndi saladi, ndipo pansi penipeni dolci, zotsekemera. Apa ndi pamene ife timasochera, chifukwa mutu wathu unazolowera nsima ndi ndiwo zake, ndiye timaona ngati pasta ndi nsima imene ikudikira nyama. Kwa Ataliyana pasta ndi chakudya chokwanira pachokha. Imadyedwa, mbale n'kuchotsedwa, nyama n'kubwera payokha pambuyo. Mukaitanitsa nyama pamalo otsata mwambo, ikhoza kufika yokhayokha pakati pa mbale yaikulu, popanda mbatatesi kapena tsamba, chifukwa za pambalizo simunaitanitse.

Komatu Joni si Italy. Ataliyana akhala kuno kuyambira kale. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse akaidi a nkhondo zikwizikwi a ku Italy anasungidwa ku Zonderwater, pafupi ndi Cullinan, kuyambira 1941, ndipo nkhondo itatha ena anatsalira kapena kubwereranso, n'kukhazikika m'madera ngati Orange Grove. Pa zaka zonsezi chakudya chawo chatengera mimba za eni dziko. M'malo ambiri mbale ya pasta ndi yaikulu yoti munthu n'kukhuta nayo yokha, nyama imabwera kale ndi tchipisi kapena masamba, ndipo pasta yotchedwa Alfredo kuno imakhala ndi kirimu, bowa ndi ham, zimene munthu wa ku Rome sangazizindikire. Malo ena amatsata za ku Italy ndendende, ena za kuno, ndipo menyu siikuuzani kuti muli pa malo ati. Ndiye funsani mafunso awiri: pasta iyi ndi yaikulu bwanji, nanga nyamayi ibwera ndi chiyani?

Palibe lamulo loti mudutse magawo onse asanu. Ataliyana eni akewo amatero pa ukwati kapena pa chakudya cha banja cha Lamlungu. Anthu awiri mukhoza kugawana chotsegulira chimodzi, aliyense n'kutenga pasta kapena nyama yake, n'kumaliza ndi chotsekemera chimodzi ndi masipuni awiri. Palibe weita adzakuyang'aneni ndi diso loipa.

Pa antipasti pali zinthu ziwiri zimene zimadzidzimutsa ife osazolowera zaziwisi. Carpaccio ndi nyama ya ng'ombe yaiwisi, yodulidwa mopyapyala kwambiri, yothira mafuta a olivi, mandimu ndi tchizi. Anaiyambitsa ndi Giuseppe Cipriani ku Harry's Bar mumzinda wa Venice mu 1950, ndipo mpaka lero siiona moto. Prosciutto crudo ndi mwendo wa nkhumba woumitsidwa ndi mchere ndi mphepo kwa chaka kapena kupitirira, nawonso wosaphika, kawirikawiri amaubweretsa ndi vwende lotsekemera. Ine carpaccio ndimaikonda, koma usiku woyamba pamaso pa abwana kapena apongozi si nthawi yoyeserera. Vitello tonnato ndi nyama ya mwana wa ng'ombe yophika, yokutidwa ndi sosi ya nsomba ya tuna, ndipo imabwera yozizira. Sikuti aiwala kutenthetsa. Mukafuna poyambira posavuta tengani burrata, tchizi choyera cha ku Puglia chimene mukachiboola ndi mpeni mkati mumatuluka kirimu, n'kudyera tomato ndi buledi. Kapena melanzane alla parmigiana, mabiringanya ophikidwa mu uvuni ndi tomato ndi tchizi, kapena calamari yokazinga, kanyama ka m'nyanja kamene pa Chingerezi amati squid.

Abale athu Achisilamu ndi a Seventh-day, apa tcherani khutu. Nkhumba m'khitchini ya Chitaliyana imabisala pansi pa mayina ambiri: guanciale, pancetta, prosciutto, speck, salsiccia, salame, mortadella, 'nduja. Carbonara ndi amatriciana maziko ake ndi guanciale, tsaya la nkhumba. Sosi ya nyama yogaya ya ku Bologna imakhala ndi pancetta ngakhale menyu itangotchula ng'ombe. Risotto ndi sosi zambiri amathira vinyo pophika, ndipo paliponse palembedwa frutti di mare kapena vongole pali nkhanu ndi nkhono za m'nyanja. Musangoti "sindidya nkhumba" n'kusiyira pomwepo. Funsani za mbale yeniyeni imene mwasankha, ndipo weita wabwino adzapita kukhitchini kukafunsa shefu m'malo moyankha za m'mutu. Ngati mumadya za halaal zokha, funsani pa foni tsiku losungitsa tebulo, chifukwa malo ambiri a mtundu uwu si a halaal.

Pasta idzafika yolimbirako pakati, yoti dzino limve kuti laluma kanthu. Amati al dente, ndipo ndi mmene iyenera kukhalira. Ndaonapo mbale zikubwerera kukhitchini ati sizinapse, shefu n'kugwira mutu. Mukafuna yofewa nenani poitanitsa, kapena sankhani yokandidwa ndi mazira pamalopo, monga tagliatelle, pappardelle kapena ravioli, imene mwachibadwa ndi yofewa kuposa spaghetti youma. Gnocchi ndi timibulu ta mbatatesi ndi ufa, tofewa kwambiri koma tokhutitsa msanga. Sosi idzakuonekerani yochepa. Ntchito yake ndi kukuta pasta, osati kuti pasta isambiremo.

Carbonara ya ku Rome ndi mazira, tchizi cha pecorino, guanciale ndi tsabola wakuda basi, kirimu mulibe. Cacio e pepe ndi yosavuta kuposa pamenepo, tchizi ndi tsabola wakuda zokha. Kwa ine mbale ziwirizi ndi zimene zimaulula khitchini, chifukwa mulibe chobisira zolakwa: moto ukachuluka pang'ono mazira amaundana, tchizi chimachita mibulu. Malo amene amazikhoza, mungadalire china chilichonse chimene akuphika. Mukasowa spaghetti bolognese pa menyu musadandaule, yang'anani tagliatelle al ragù. Ku Bologna sosi imeneyi amadyera tagliatelle, ndipo sachita nayo masewera, moti mu 1982 bungwe la Accademia Italiana della Cucina linakalembetsa kaphikidwe kake ku ofesi ya amalonda ya mumzindawo. Risotto amayamba kuiphika mukaitanitsa. Zimatenga mphindi 18 mpaka 20, wophika ali chilili kutakasa ndi kuthira msuzi pang'onopang'ono, ndiye musakwiye ikachedwa. Ikafika m'mphindi zisanu ndi pamene muyenera kukayikira. Mpunga wake ndi Carnaroli kapena Arborio, suyoyoka, umayenderera pambale. Ya ku Milan ndi yachikasu chifukwa cha saffron, chokometsera chochokera ku maluwa.

Weita akabwera ndi tchizi choperesa, kawirikawiri Parmigiano Reggiano chimene chimasungidwa miyezi yosachepera 12 chisanagulitsidwe, lolani athire pa pasta ya nyama kapena ya tomato, n'kunena kuti basi chikakwana. Pa pasta ya nsomba sadzakupatsani, chifukwa Ataliyana amati tchizi chimapha kukoma kwa nsomba. Mukachifunabe pemphani, mbale ndi yanu. Okonda tsabola muli pabwino, malo ambiri kuno amakhala ndi tsabola woduladula wa m'mafuta ndi adyo, ndipo penne all'arrabbiata ndi yowawa kale. Lawani kaye musanathire mchere, pecorino ndi guanciale ndi za mchere wambiri. Chimodzi chokha ndikupemphani: tomato sosi wa m'botolo musamuitanitse.

Pa secondi ndi pamene ndalama zimathera, ndiye pano ndichedwapo. Mutangokhazikika weita adzakulakatulirani zapadera za tsikulo, zimene sizili pa menyu. Adzazifotokoza mpaka malovu kudzaza m'kamwa, nsomba yafika m'mawa uno, nyama yagona mu vinyo usiku wonse, koma mtengo sadzautchula. Ambirife tinaphunzitsidwa choncho. Eni malo amati kutchula ndalama patebulo si ulemu, komanso akudziwa kuti munthu amene sanamve mtengo amavomera msanga. Mankhwala ake ndi mawu awiri: "Ndi zingati?" Eni makampani amafunsa funso limeneli osaphethira. Ngati mwabwera ndi mlendo ndipo simukufuna kuti amve, funsani motsitsa mawu, ndidzawerama n'kukuyankhani chimodzimodzi.

Pa menyu mudzaonanso zilembo SQ pamalo a mtengo, makamaka pa nkhanu zikuluzikulu, ma prawns a ku Mozambique ndi nsomba yathunthu. Ndiye kuti mtengo umasintha malinga ndi tsiku ndi kulemera kwake, ndipo sukhala wotsika. Bistecca alla fiorentina ndi nyama ya T-bone yokhuthala, ya kilogalamu imodzi kapena kupitirira, yodya anthu awiri. Kwawo ku Tuscany imachokera ku ng'ombe zoyera za Chianina. Malo ena amalemba mtengo wa magalamu 100 okha. Munthu amasangalala kuti wapeza yotchipa, osadziwa kuti nambala ija aichulukitse ndi 10 kapena 12. Funsani kuti chidutswa chimene chilipo chikulemera bwanji. Ndiye pali truffle, bowa womera pansi pa nthaka. Woyera wa ku Alba amapezeka kuyambira Okutobala mpaka Disembala, ndipo malo ochepa apamwamba amamuitanitsa pa ndege. Weita amabwera ndi kachipangizo n'kumapala tizidutswa pamwamba pa pasta yanu inu mukuonerera, fungo lili guu, ndipo galamu iliyonse ili ndi mtengo wake. Gwirizanani magalamu dzanja lake lisanayambe kuyenda.

Ambirife nyama timaifuna yopsa mpaka mkati, ndipo palibe cholakwika. Koma musataye ndalama pa fiorentina kapena fillet n'kunena kuti well done, chifukwa idzafika youma, mudzalipira zambiri n'kudya zosakoma. Fiorentina mwambo wake ndi kupsa kunja, mkati muli psuu. Tengani ossobuco, mwendo wa mwana wa ng'ombe wodulidwa mopingasa ndi fupa lake, wophikidwa maola angapo mpaka nyama kumasuka yokha, mafuta a m'fupa ali momwemo oti mukolowole ndi kasipuni. Sindinaonepo Mmalawi akuibweza. Cotoletta alla milanese, nyama yokutidwa ndi nyenyeswa za buledi n'kukazinga mu batala, nayonso imapsa bwino, ndipo kwa okonda nsomba kingklip ya kuno ndi yoyera, ya mnofu wolimba, yosavutitsa ndi minga.

Buku la vinyo limatha kukhala lalitali kuposa menyu. Simukukakamizidwa kugula botolo. Vinyo wa pa galasi alipo, ndipo kwa anthu awiri omwa pang'ono ndi wokwanira. Botolo la mamililita 750 limatulutsa magalasi pafupifupi asanu. Njira imene anthu odziwa amachita ndi iyi: tsegulani bukulo, ikani chala pa mtengo umene mungakwanitse, osati pa dzina, n'kunena kuti mukufuna wa chapompano woyenda ndi zimene mwaitanitsa. Weita kapena sommelier, katswiri wa vinyo wa pamalopo, wamva kale, ndipo alendo anu sanaone kanthu. Chianti Classico wa ku Tuscany, wokhala ndi chizindikiro cha tambala wakuda pabotolo, amayenda ndi pasta ya tomato ndi nyama. Barolo wa ku Piedmont ndi wodula, mwa zina chifukwa lamulo limafuna kuti asungidwe miyezi 38 asanagulitsidwe. Pinot Grigio ndi woyera, wopepuka, woyenda ndi nsomba. Koma ndikuuzeni maganizo anga: vinyo wa ku Italy akafika kuno wakwera sitima ndipo walipira msonkho, pomwe wa ku Stellenbosch kapena Franschhoek wa mtengo womwewo nthawi zambiri amamuposa. Chenin Blanc wa kuno sachititsa manyazi patebulo lililonse.

Botolo likabwera ndidzakuonetsani chizindikiro chake. Werengani dzina ndi chaka, chifukwa mabotolo a dzina lofanana amatha kusiyana mtengo kutali. Ndidzathira pang'ono m'galasi la amene waitanitsa. Nunkhizani, lawani. Cholinga ndi kuona ngati vinyo sanawonongeke. Wowonongeka amanunkha chinyezi ndi nkhungu, ndipo ameneyo timasintha popanda mkangano. Ngati ali bwino gwedezani mutu, ndithirire ena. Botolo likatha ndidzafunsa ngati ndibweretse lina, ndipo nkhani zikakoma anthu amavomera osamva funso. Wolipira akhale tcheru. Malo ena amalola kubwera ndi botolo lanu n'kulipira kandalama kotsegulira, koma izi funsani pa foni.

Za mipeni ndi mafoloko anthu amaziopa mopitirira. Nsalu yopukutira ikani pamiyendo. Zida zikakhala zambiri yambani ndi zakunja, kumalowera mkati mbale iliyonse ikabwera, ngakhale malo ambiri masiku ano timabweretsa zida zoyenera pamodzi ndi mbale yake. Spaghetti ndi tagliatelle saduladula ndi mpeni. Tengani tizingwe titatu kapena tinayi cha m'mphepete mwa mbale, osati pakati, imikani foloko n'kuizunguliza mpaka tikulungane kukhala kambamu kolowa m'kamwa kamodzi. Mukatola zambiri mudzakulunga mbale yonse. Sipuni Ataliyana sagwiritsa ntchito pa zimenezi, koma mukaipempha ibwera. Sosi yotsala pambale mukhoza kuikombeza ndi kachidutswa ka buledi. Iwo amati scarpetta, ndipo shefu akaona mbale yabwerera yoyera choncho amamwetulira. Dikirani onse alandire musanayambe, pokhapokha eni mbale zochedwazo atakuuzani kuti yambani. Mukamaliza gonekani foloko ndi mpeni pamodzi pambale, ndidziwe kuti ndingachotse.

Poitana weita musalize zala, musaimbe likhweru, musachite "psss". Kwezani dzanja pang'ono kapena mugwireni ndi maso. Chakudya chikalakwika, chazizira kapena si chimene munaitanitsa, nenani mutangolawa. Mbale yodyedwa theka n'kovuta kuibweza. Ndipo musadabwe weita akakuyankhani m'Chichewa, chifukwa m'malesitilanti a kuno Amalawi ndi anzathu a ku Zimbabwe tilimo ambiri, patebulo ndi kukhitchini komwe. Moni timaukonda, nkhani za kumudzi timazilakalaka, koma "achimwene, tichotsereniko pang'ono" ndi pempho limene lingamuchotsetse munthu ntchito. Alinso ndi matebulo ena akumudikira.

Pa zotsekemera tiramisù ndiye mfumu: mabisiketi a savoiardi onyikidwa mu khofi, tchizi chofewa cha mascarpone, mazira ndi koko pamwamba. Mazira ake kawirikawiri ndi osaphika ndipo ena amathiramo mowa pang'ono, choncho amayi oyembekezera ndi osamwa afunse. Panna cotta ndi kirimu woundana, wopepuka. Affogato ndi ayisikirimu wothiridwa espresso yotentha, yabwino kwa amene wakhuta koma akufunabe kanthu. Mukangoti khofi kwa Mtaliyana amamva espresso, kakapu kakang'ono koti mukamwa kawiri katha, sikuti akunyengani. Cappuccino kwawo ndi ya m'mawa, koma kuno anthu amamwa usiku ndipo palibe amasamala. Wina akabwera ndi kagalasi ka mowa wa limoncello kapena grappa, dziwani ngati ndi mphatso ya eni malo kapena ilowa pa bilu. Grappa ndi yaukali kwambiri, imwani pang'onopang'ono.

Bilu siibwera yokha. Kukupatsani musanapemphe kuli ngati kukuthamangitsani, ndiye mukhoza kukhala mpaka mipando kuyamba kusanjidwa. Pemphani. Ikafika iwerengeni mzere ndi mzere, mabotolo a madzi ndi a vinyo muwawerenge; pa usiku wotanganidwa zinthu za tebulo lina zimatha kulowa pa lanu, ndipo kufunsa si chipongwe. Msonkho wa VAT wa 15 peresenti uli kale m'mitengo ya pa menyu. Chimene mulibe ndi tipu. Kuno chizolowezi ndi 10 peresenti kupita m'mwamba, 15 ngati mwasamalidwa bwino, ndiye pa bilu ya R1,800 muonjezera R180 kapena R270. Mukakhala gulu lalikulu malo ambiri amaika okha ndalama ya sevisi pa bilu. Yang'anani pansi kuti musalipire kawiri. Malipiro a weita ndi ochepa, timakhalira matipu, ndipo m'malo ambiri timagawanako ndi onyamula mbale ndi a pa bala. Ngati thumba silikwana chakudya ndi tipu pamodzi, siyani chotsekemera.

Makina a khadi amabwera patebulo, ndipo ndidzafunsa kuti ndilembe zingati. Tchulani ndalama yonse pamodzi ndi tipu, onani pa sikirini musanaike nambala yanu yachinsinsi, ndipo khadi isachoke pamaso panu. Za amene alipire kambiranani musanachoke kunyumba. Kwathu woitana ndiye wolipira, koma anzanu a kuntchito kuno akati tiyeni tikadye, kawirikawiri ndiye kuti aliyense alipira zake, kapena bilu igawidwa mofanana ngakhale inu munangodya pasta ndi madzi a pampopi pomwe ena amamwa Barolo. Ngati mukufuna bilu yanuyanu ndiuzeni poyamba penipeni, osati makina ali kale m'manja. Ngati ndinu woitana ndipo simukufuna kulimbirana bilu ndi alendo, dzukani ngati mukupita kuchimbudzi nthawi ya khofi, mukalipire pa kauntala.

Chakudya chotsala pemphani akulongedzereni, ngakhale malo apamwamba amachita. Sungani ndalama zachitsulo kapena R10 ya mlonda wa magalimoto panja. Ngati mwamwa vinyo, chiwongolero chisiyeni: malire a lamulo la South Africa ndi magalamu 0.05 a mowa pa mamililita 100 a magazi, magalasi awiri akhoza kukudutsitsani pamenepo, ndipo apolisi a metro amakonda kutchinga misewu usiku wa Lachisanu ndi Loweruka. Sitima ya Gautrain imaweruka msanga, chakudya chamadzulo chisanathe, ndiye popita mukhoza kuikwera koma pobwerera ayi. Itanani Uber kapena Bolt mukadali pampando, dikirirani mkati, ndipo musanakwere yerekezani nambala ya galimoto ndi imene ili pa foni.